Kudyetsa ana zolimidwa konkuno kumayambira m'masika

Pakhomo pathu tilipo anthu anayi: ine, bambo a ana, mwana wathu wachisamba amene ali ku sukulu ya mkaka, ndi mlongo wake wamng'ono amene akuyamwabe. Timakhala m'nyumba ya lendi mumzinda wa Lilongwe, ndipo munda tilibe, kupatula kachigawo ka kuseri kwa nyumba kamene eni ake anatilola kutipula. Komabe zambiri zimene zimalowa m'mbale za ana athu ndi zolimidwa m'dziko momwe muno, makamaka m'maboma otizungulira monga Dedza, Ntcheu, Mchinji, Dowa ndi Salima. Sindinganene kuti tinayamba zimenezi chifukwa chozindikira kwambiri za kadyedwe koyenera, ayi, chimene chinatikankha ndi thumba. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene inali itachepetsedwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, mitengo ya phala la ana la m'zitini, mkaka waufa ndi buledi inawathawa malipiro athu, ndipo tinakhala pansi n'kuyamba kuwerengera mwatsopano.

Anthu ambiri akamva zodya zakudya za konkuno amaganiza kuti nkhani yake ndi yongosintha kogula, kuchoka ku shopu kupita ku msika. Ine ndaona kuti nkhani yagona pa nyengo. Chakudya cha m'shopu chimapezeka chimodzimodzi chaka chonse, pamene cha kumunda chimabwera chambirimbiri nthawi imodzi kenako n'kusowa, ndipo banja limene limagula kamulu kamodzikamodzi tsiku ndi tsiku limadzalipira mtengo wowawa wa Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene nkhokwe za kumudzi zimakhala zitagonekedwa. Choncho ntchito yaikulu yodyetsa ana athu imagwiridwa kuyambira mu Epulo mpaka mu Julayi, ndipo miyezi yotsalayo timangodya zimene tinakonzeratu.

Chimanga timagula mu Meyi kapena mu Juni, alimi atangokolola kumene. Bambo a ana amapita ku Mitundu kapena kwa abale awo ku Dowa, ndipo amalume awo anawaphunzitsa kuluma njere asanalipire: chimanga chouma bwino chimalira n'kusweka pakati pa mano, pamene chachinyezi chimangophwanyika mwakachetechete. Chimanga chogulidwa molawirira chimalemera pa sikelo chifukwa cha madzi, ndipo chikasungidwa chotero chimachita chuku. Tikafika nacho kunyumba timachiyanikanso pa mphasa, kuchipeta, n'kuchithira m'matumba a PICS, amene ali ndi mapepala awiri a pulasitiki m'kati ndi thumba wamba kunja. Pepala lililonse limamangidwa palokha mpweya utafinyidwa, kotero kuti anankafumbwe amene analowa nacho chimangacho amafera momwemo chifukwa chosowa mpweya, popanda kuthira mankhwala. Matumbawa ndi odulirapo kuposa wamba, koma amagwira ntchito zaka zingapo ngati khoswe sanawaboole, ndipo n'chifukwa chake timawasanjika pa matabwa, kutali pang'ono ndi khoma. Pofika mu Julayi chipinda chimene chinayenera kukhala cha ana chimafanana ndi kadepoti ka ADMARC, ndipo anawo amagona nafe. M'chaka cha 2024, pamene ng'amba ya El Niño inatentha mbewu ndipo boma linalengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 mwagwa tsoka, matumba amenewa ndi amene anatiolotsa, chifukwa mtengo wa chimanga pamsika sunkagona malo amodzi.

Pa za ufa panali kukokanakokana. Ine ndinkafuna kuti tonse tizidya mgaiwa, pamene bambo a ana anakulira nsima ya ufa woyera ndipo mgaiwa umawakumbutsa za ku sukulu yogonera konko. Apongozi anga atabwera kudzaona khanda, anayang'anitsitsa mtanda wa nsima pambale n'kufunsa mwana wawo motsitsa mawu kuti, “Kodi zinthu zavuta chonchi m'tauni muno? Bwanji osanena kuti tikutumizireni ufa?” Ndinawafotokozera mwaulemu kuti, “Amayi, ufa ulipo, koma a zaumoyo amati wa ana usamachotsedwe gaga.” Anangoti, “Chabwino, ndi ana anu,” koma nkhope yawo sinagwirizane nazo. Kwa anthu a msinkhu wawo nsima yoyera ndi ulemu wa mkazi pakhomo, ndipo sindiwaona olakwa. Koma chimanga chikakonoledwa chimataya gaga pamodzi ndi kamtima kake kamene kali ndi mafuta ndi zofunika zina m'thupi, mphale ikaviikidwa masiku angapo zinanso zimapita ndi madzi, ndipo ufa umene umatuluka m'thumba limodzi umachepa moonekeratu. Mgaiwa nawo uli ndi zofooka zake: sukhalitsa chifukwa cha mafutawo, choncho timagayitsa wochepa nthawi imodzi, komanso umafuna chimanga chosankhidwa bwino, popeza chilichonse chimene chili pakhungu la njere chimalowa mu ufa. Tinamvana zoti phala la ana likhale la mgaiwa nthawi zonse, nsima ya mkati mwa sabata ikhalenso ya mgaiwa, ndipo yoyera izibwera Loweruka, Lamulungu ndi pakabwera alendo.

Pamene ndimaikapo mtima wanga wonse ndi pa phala la khanda. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndinamuyamwitsa mwakathithi monga amalangizira ku sikelo, ndipo itatha ndinayamba kumupatsa phala uku akuyamwabe. Ufa wake ndimakonza ndekha motsanzira Likuni Phala, phala la chimanga ndi soya limene linatenga dzina kuchokera ku Likuni, kufupi ndi mzinda uno. Soya ndimamusankha, kumukazinga pa chiwaya mpaka atayamba kununkhira ndi kusintha mtundu, kumupukusa kuti makoko achoke, n'kumupeta. Kukazingako sikofuna kukoma kokha, chifukwa soya wamuwisi sagayika bwino m'mimba ndipo ali ndi fungo limene ana amalikana. Muyeso wake ndi makapu anayi a chimanga pa kapu imodzi ya soya, ndipo zonse zimapita ku chigayo pamodzi. Pophika ndimaonjezera chimodzi kapena ziwiri mwa izi, malingana ndi zimene zilipo tsikulo: supuni ya nsinjiro, usipa wouma wosinja bwino n'kusefa, dzira, dzungu lophwanya, nkhwani wophika wosinja, kapena peyala pamene phala lapola pang'ono. Phalalo liyenera kukhala lolimbirako, loti ukapendeketsa supuni silikuyenderera, chifukwa kamimba ka mwana ndi kakang'ono ndipo phala lamadzimadzi limamukhutitsa madzi.

Mfundo imeneyi ndimaibwereza kwa mayi aliyense amene wandifunsa, chifukwa vuto la ana a m'dziko lino si kusowa kwa nsima kokha. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo chiwerengerocho chinali chokwera ngakhale m'maboma olima kwambiri monga Dedza ndi Mchinji, komwe kumachokera nyemba, mtedza ndi soya amene ife timagula kuno. Mbewu zimenezi zimakwera galimoto kupita ku msika, mwana n'kutsala ndi phala la ufa woyera ndi mchere. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, omwe ndi zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ndipo ndikaonetsetsa palibe gulu ngakhale limodzi limene limafuna kuti munthu alowe m'shopu yaikulu.

Mtedza ndi umene ndimausamala kuposa zonse. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndipo saphedwa ndi kuphika kapena kukazinga. Ogulitsa ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe asanauswe, ndipo chinyezi chimenecho ndi chimene chuku chimafuna. Pa chifukwa chimenechi ndimagula mtedza wosaswa mu Juni, kaya ndi CG7 wofiira uja kapena Chalimbana, n'kuusunga ndi makoko ake pamalo ouma. Madzulo timaswa wokwanira masiku ochepa, ndipo wachisamba uja ntchito yake ndi kutola njere zonyala, zoboola ndi zakuda n'kuziponya m'chitini. Zimenezo timataya, sitipatsa ngakhale nkhuku. Nsinjiro zomangidwa kale m'timapepala ta pamsika sindigula, osati chifukwa choti onse ogulitsa ndi osakhulupirika, koma chifukwa mtedza ukasinjidwa palibenso amene angadziwe kuti unali wotani, ndipo aliyense amadziwa kumene mtedza wotsalira posankha umathera.

Ndiwo zamasamba m'dzinja sizivuta. Mvula ikangogwa, kuseri kwa nyumba kumamera bonongwe, chisoso ndi luni popanda wofesa, ndipo tikabzala maungu, nyemba ndi khobwe pang'ono timathyola nkhwani, khwanya ndi chitambe mpaka mvula itatha. Ana amakonda ndiwo zotendera, ndipo nsinjirozo zimathandizanso thupi kutenga bwino vitamini A wa m'masamba, amene amafuna mafuta. Soda ndinachepetsa kwambiri, ndimangothira pang'ono mu therere ndi m'masamba okhwima, chifukwa amafewetsa ndiwo koma amaononga mavitamini ena. Chakumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo ndimafutsa. Masamba ndimawawiritsa pang'ono chabe m'madzi otentha, kuwakhetsa, n'kuwayanika pa thandala pamalo opita mphepo, osati padzuwa lamphamvu, kuti asataye mtundu. Agogo anga ankamanga mfutso m'chikwatu cha masamba a msuku n'kuchipachika kudenga la khitchini, koma ine ndimasunga m'zigoba za pulasitiki zotseka bwino. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene madimba ambiri aphwa ndipo kamtolo ka mpiru kachepa n'kukwera mtengo, mfutso wa khwanya wotendera umatha m'mbale msanga kuposa nyama.

Pano ndinenepo kanthu kamene okonda kutamanda zakudya za konkuno sakonda kukamba. Kulimidwa pafupi sikutanthauza kuti chakudya ndi chaukhondo. Tomato wambiri wa pamsika amakhala ndi ufa woyera wa mankhwala pakhungu, ndipo alimi ena amapopera lero n'kuthyola mawa osadikira masiku amene amalembedwa pa botolo. Masamba ena amathiriridwa ndi madzi a m'mitsinje ya m'tauni momwe mumagwera zonyansa za mtundu uliwonse. Choncho ndimatsuka chilichonse ndi madzi ambiri, tomato wa ana ndimamusenda, ndipo repu ndi chayinizi ndimagula kwa mayi mmodzi amene dimba lake ndinaliona ndi maso anga ndipo amathirira madzi a pachitsime. Amandidziwa, amandisungira mitolo yabwino, ndipo sindichoka popanda basela. Kudziwana ndi wolima kotereku ndi kumene ndimakuona kuti ndi phindu lenileni logula zapafupi, chifukwa munthu ungathe kumufunsa kuti anapopera liti.

Ndiponso mawu oti “za konkuno” sindiwaumitsira khosi. Pa msika wa Lizulu, pamsewu wa M1 m'malire a Dedza ndi Ntcheu, mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato zina zimachokera tsidya la Mozambique, kungodumpha msewu, kwa anthu olankhula chinenero chathu chomwechi, ndipo sindingazikane chifukwa cha malire. Nthochi nazo zambiri zimene zili m'misika ya mumzinda uno zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique kuchokera pamene matenda a chisaka anapulula minda ya ku Thyolo ndi madera ena. Aliyense wa pakhomo pano akamachokera ku Blantyre amadziwa kuti ayenera kuima pa Lizulu, ndipo masiku ena timapita m'mamawa ku msika wa Wakawaka, komwe zinthu zimagulitsidwa mopikulitsa, n'kugawana ndi mabanja awiri oyandikana nafe.

Zipatso timadya za nyengo yake basi, ndipo chaka chimadzizungulira chokha: masuku ndi mango mvula ikamayamba, mapeyala kuyambira mu Januwale, magwafa chakumapeto kwa dzinja, manachesi a ku Mwanza m'nyengo yozizira, kenako malambe ndi masawu m'chilimwe, mapapaya akupezeka apo ndi apo. Malambe ndimawaviika m'madzi owiritsa, kuwasefa, n'kuthira shuga pang'ono, ndipo chimenecho ndi thobwa ndizo zakumwa za ana m'malo mwa za m'mabotolo.

Za ndiwo za nyemba ndi nyama, chovuta si mtengo wa ndiwozo koma wa moto. Nyemba za napilira kapena kholophethe zimadya makala, ndipo magetsi sungawadalire kuti mphika ufika popsa. Ndimaziviika usiku wonse, kuphika zambiri nthawi imodzi, n'kugawa zina za mawa lake. Za khanda ndimachotsa makoko n'kupanga chipere. Nandolo, khobwe ndi nzama zimasinthana ndi nyembazo. Nsomba zathu ndi usipa, bonya, utaka ndi matemba, zimene zimadyedwa ndi minga yomwe, motero mwana amapezamo zolimbitsa mafupa zimene sangazipeze mu mnofu wokha wa chambo, chimenenso mtengo wake sitiufikira. Usipa ndimagula wambiri ukatchipa, chifukwa mphepo ya mwera ikayamba kuomba mu Juni ndi Julayi asodzi salowa kawirikawiri panyanja ndipo mulu umachepa. Ngumbi zikatuluka ndi mvula yoyamba timazikazinga n'kuziyanika, ndipo wachisamba uja amazitafuna ngati sanadyepo kanthu chiyambire m'mawa. Nkhuku ya lokolo imaphedwa mwa apo ndi apo, koma dzira ndimayesetsa kuti mwana aliyense alione kangapo pa sabata.

Chakudya cha m'mawa ndi chimene chinativuta kusintha, chifukwa tiyi ndi buledi zinazika mizu m'tauni, chonsecho tirigu wambiri wophikira buledi amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. M'malo mwake timamwera tiyi mbatata, chinangwa, maungu, chimanga chachiwisi pa nyengo yake, futali kapena chikondamoyo. Mbatata ndimafunafuna yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere, Anaakwanire ndi Zondeni, imene ili ndi vitamini A wochuluka, ngakhale bambo a ana amati ndi yofewa kwambiri ndipo amakonda yoyera yaufa. Kunyumba zonsezi zinayenda bwino, koma ku sukulu ya mkaka kunali nkhani ina. Tsiku lina mwana anabwerera ndi kontena yake ya mbatata osaitsegula n'komwe, ndipo nditamufunsa anayankha akuyang'ana pansi kuti, “Amayi, anzanga amati ndimadya za kumudzi.” Anzakewo amatenga timapaketi ta zokhuthuzakhuthuza ndi timabotolo ta zotsekemera. Sindinamukalipire, chifukwa manyazi amenewa sanawapeke yekha, anawatengera kwa ife akuluakulu amene timabisa mphika wa bonongwe mlendo akagogoda. Tsopano ndimamuikira zitumbuwa za nthochi, chigumu chodula bwinobwino, dzira lowiritsa, mbuliwuli kapena mbatata yokazinga, zimene anzake amamupempha, ndipo Lachisanu lina ndimamugulira kapaketi kamodzi kuti asamadzione wosiyana ndi anzake. Ena anganditsutse pamenepa, koma sindifuna kuti mwana adane ndi chakudya cha kwawo chifukwa choti amayi ake anaumitsa zinthu.

Walira mvula walira matope. Kadyedwe kameneka kamapulumutsa ndalama pa chaka chonse, koma kamafuna ndalama zambiri nthawi imodzi m'masika, ndipo banja lolandira malipiro a pamwezi silingazipeze popanda kukonzekera. Ife timasunga ku banki m'khonde, ndipo ngongole imene timatenga kumeneko mu Meyi imapita ku chimanga, mtedza, soya, nyemba ndi mpunga wa Faya pang'ono, osati kwina. Kamafunanso nthawi, ndipo nthawi imeneyo kawirikawiri imachotsedwa kwa mayi. Kusankha, kupeta, kukazinga, kufutsa, kupita ku chigayo ndi kudikira mphika wa nyemba ndi ntchito zimene chitini cha phala la m'shopu chimamuchotsera munthu, ndipo mayi amene amachoka m'bandakucha n'kubwera dzuwa litalowa sindingamuweruze akagula chitinicho. Kwathu zikutheka chifukwa bambo a ana anatenga mbali yawo: za chimanga, za ku chigayo, za makala ndi kuthirira timatumba ta masamba ta kuseri ndi madzi otsukira mpunga ndi ndiwo, zonsezo ndi zawo, ngakhale anzawo amawaseka akawaona ndi thumba la ufa pa njinga.

Zilipo zimene timagulabe ku shopu mosanyinyirika. Mchere timagula wa ayodini, chifukwa mwana wosowa ayodini ubongo wake sukula bwino, ndipo mchere wa miyala wa pamsika sudziwika ngati anathiramo. Mafuta ophikira ndi shuga timagula za m'mapaketi zolembedwa kuti muli vitamini A, ndipo shugayo ndi wa nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa, tiyi ndi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, motero ngakhale m'shopu momwemo za konkuno zimapezeka munthu akamawerenga zolembedwa. Mkaka wa ng'ombe timalandira kwa mlimi wa kunja kwa mzinda, timauwiritsa tisanamwe, wotsala umasanduka chambiko, koma khanda sitilimwetsa mkaka umenewu mpaka litakwanitsa chaka.

Chimene chikutivutabe ndi tomato ndi anyezi. M'chilimwe tomato amachuluka mpaka ogulitsa kumataya, koma mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale amagwidwa ndi matenda m'munda, ndipo kamulu ka tomato atatu kamafika pa mtengo wa beseni la mu Sepitembala. Chaka chatha ndinadula tomato m'timagawo topyapyala, kumuwaza mchere pang'ono n'kumuyanika pa thandala lophimba ndi neti mu Okutobala, ndipo anauma bwino n'kusungika mpaka mu Malichi. Mu nyemba ndi mu usipa amakoma ndithu, koma mu ndiwo zamasamba bambo a ana akuti akumva kuwawasa, choncho miyezi imeneyo masamba onse ndimangotendera. Anyezi timamangirira m'mitolo ndi masamba ake n'kupachika m'khonde, koma ena amamera tisanafike pakati pa dzinja. Chaka chino ndagwirizana ndi mayi wa dimba uja kuti andisiyire wofiira amene wakhwimira m'munda mpaka masamba kugwa okha, chifukwa iye akuti ameneyo ndi amene amapirira chinyezi.